Mafunso a Owerenga: Kodi mtima wa mwana uyenera kugunda kangati akamasewera?

Funso: Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 11 ndipo amakonda kwambiri mpira wamiyendo. Malume ake amene amagwira ntchito ku Johannesburg anamutumizira wotchi yapamkono yowerenga kugunda kwa mtima. Loweruka lapitali atasewera ndi anzake pabwalo la kufupi ndi kwathu, wotchiyo inaonetsa 196, pamene ine ndikaivala nditakhala pansi imaonetsa 72. Bambo ake akuti asiye mpira mpaka tikaonane ndi dokotala, koma mwanayo sakudandaula paliponse, akudya bwino ndiponso akugona bwino. Kodi nambala imeneyi ndi yoopsa? *Mayi wa ku Mufakose, Harare*

Yankho: Zikomo mayi chifukwa cha kalata yanu. Kwa mwana wathanzi wa zaka 11 amene anali kuthamangitsa mpira ndi mphamvu zake zonse, 196 si nambala yoopsa, ndipo payokha si chifukwa chomulekanitsira ndi anzake pabwalo.

Mtima wa mwana ndi waung'ono, choncho ukagunda kamodzi umatulutsa magazi ochepa poyerekeza ndi wa munthu wamkulu, ndipo kuti magazi okwanira afike m'minofu umayenera kugunda kambiri. N'chifukwa chake ngakhale atakhala phee, mwana wa kupulayimale mtima wake umagunda pakati pa 70 ndi 110 pamphindi imodzi, pamene wachinyamata ndi munthu wamkulu amakhala pakati pa 60 ndi 100. Akamathamanga mpaka kufika pamapeto a mphamvu zake, ana ambiri amafika pakati pa 190 ndi 205, ndipo ena amapitirirako pang'ono popanda vuto lililonse. Malire amenewa munthu amabadwa nawo. Ana awiri a msinkhu umodzi, onse athanzi, wina akhoza kulekeza pa 188 wina pa 207, ndipo zimenezi sizitanthauza kuti wina ndi wamphamvu kuposa mnzake.

Mawotchi ambiri amatsatira lamulo lakale lakuti muchotse zaka za munthu pa 220, kotero kuti kwa mwana wanu yankho likhala 209. Lamuloli linatchuka cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 ndipo linachokera pa zimene zinaonedwa mwa akuluakulu. M'chaka cha 2001 Hirofumi Tanaka ndi anzake anafalitsa njira ina, yakuti muchulukitse zaka ndi 0.7 kenako muchotse pa 208, ndipo kwa mwana wa zaka 11 njirayi imapereka 200. Amene ayeza ana anapeza kuti lamulo la 220 limakweza nambala mopitirira, kuti njira ya Tanaka imayandikira, komanso kuti malire a mtima sasintha kwenikweni kuyambira paubwana mpaka m'zaka zaunyamata. Motero ngati mukufuna nambala imodzi yoti muziikumbukira, sungani 200, koma mudziwe kuti ndi yongoyerekezera.

Chimene makolo ambiri samva bwino n'chakuti nambala imeneyi si chizindikiro cha ngozi. Mtima wathanzi suphulika ukafika pamwamba. Mwana akayandikira malire ake miyendo imalemera, mpweya umamuperewera, ndipo amachepetsa yekha liwiro. Mukaonetsetsa ana akusewera chipako, fulaye kapena mpira wachikulunga mumsewu, mudzaona kuti amathamanga mwamphamvu kwa masekondi ochepa, kenako amaima, kukangana pang'ono za chigoli, n'kuyambiranso. Kasewero kameneka ndi kamene thupi la mwana limakonda, ndipo mtima wa mwana umabwerera m'malo mwake msanga kuposa wa munthu wamkulu. Malangizo amene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa mu 2020 amati ana a zaka 5 mpaka 17 azichita zinthu zogwiritsa ntchito thupi mwapakatikati kapena mwamphamvu kwa mphindi zosachepera 60 patsiku, ndipo masiku osachepera atatu pamlungu pazikhala masewera amphamvu ndithu pamodzi ndi olimbitsa minofu ndi mafupa. Mpira umene mwana wanu amasewera ukukwaniritsa zimenezi, ndipo ine ndingade nkhawa kwambiri ndi mwana amene amakhala tsiku lonse ndi foni m'nyumba kusiyana ndi wanuyu.

Wotchiyo nayonso musaikhulupirire kotheratu. Imawerenga pogwiritsa ntchito kuwala kumene imaunikira pakhungu, ndipo ikakhala yokhwepa pamkono woonda wa mwana, kapena mkono ukamagwedezeka pothamanga, imaphonya. Mukhoza kuitsimikiza nokha poika zala ziwiri, cholozera ndi chapakati, pamtsempha wa pamkono m'munsi mwa chala chachikulu, n'kuwerenga kwa masekondi 15, kenako kuchulukitsa kanayi. Musagwiritse ntchito chala chachikulu chifukwa nachonso chili ndi kugunda kwake. Nthawi yabwino yoyezera ndi m'mawa mwana akangodzuka, ndipo mukatero masiku angapo mudzadziwa nambala yake ya nthawi zonse, imene ndi yothandiza kwambiri kuposa ya pabwalo.

Bambo a mwanayo sanalakwe kudera nkhawa, koma funso loti afunse ndi lina. Amufunse ngati anamvapo kupweteka pachifuwa akuthamanga, ngati anachitapo chizungulire kapena kugwa, ngati mtima unayambapo kuthamanga wokha iye atangokhala pansi, ndiponso ngati amatopa msanga kuposa anzake onse. Inu akuluakulu mukumbukirenso ngati kuchimuna kapena kuchikazi kunamwalirapo munthu mwadzidzidzi asanakwanitse zaka 50 popanda chifukwa chodziwika. Ngati yankho la zonsezi ndi lakuti ayi, mwanayo abwerere kumpira.

Funso: Ndine mphunzitsi pasukulu ina ya pulayimale ndipo ndapatsidwa udindo wokonzekeretsa ana a zaka 9 mpaka 12 mipikisano yothamanga ya teremu yoyamba. Timayamba 2 koloko masana. Mnzanga amene ndimagwira naye ntchitoyi amati mwana akapanda kusanza ndiye kuti sanathamange, ndipo wochedwa amamupatsa chilango chozungulira bwalo. Ine sindigwirizana nazo, koma ndilibe chomuyankha. Kodi pali muyezo umene tingatsatire? *Mphunzitsi wa ku Highfield, Harare*

Yankho: Aphunzitsi, muyezo ulipo, ndipo sufuna chipangizo chilichonse. Mwana akamathamanga mulankhuleni. Ngati akutha kuyankha ndi chiganizo chonse koma sangathe kuimba nyimbo, ali pamlingo wapakatikati. Ngati akungotulutsa mawu awiri kapena atatu n'kuyamba wapuma, ali pamlingo wamphamvu. Ngati sakutha kuyankha n'komwe, wafika pamapeto, ndipo pamenepo sayenera kukhalitsapo.

Kwa amene amafuna manambala, mabungwe a zamasewera ndi zaumoyo amaika mlingo wapakatikati pa 64 mpaka 76 peresenti ya malire a mtima, ndipo wamphamvu umayambira pa 77 peresenti. Tikatenga 200 ngati malire a mwana, ndiye kuti wapakatikati ndi pakati pa 128 ndi 152, ndipo kupitirira apo ndi wamphamvu. Manambala amenewa anakonzedwera akuluakulu, makamaka amene akufuna kudziwa ngati akuchita zokwanira, ndiye musawasandutse lamulo loimitsira mwana amene akusangalala ndi liwiro lake pa 180. Ngati mukufuna kuyeza, werengani mwanayo akangoima, kwa masekondi 10 okha n'kuchulukitsa kasanu ndi kamodzi, chifukwa mukachedwa mtima umakhala utatsika kale.

Maganizo a mnzanuwo ndi olakwika. Kusanza kumasonyeza kuti mwana wapitirizidwa muyezo, kapena watenthedwa, kapena wathamanga atangodya kumene, ndipo palibe mphamvu imene amapeza pa kusanzako. Choopsa chachikulu pa chilango chozungulira bwalo n'chakuti chimachotsa chitetezo chimene thupi lili nacho. Mwana wosewera mwaufulu amaima akatopa, koma mwana woopa mphunzitsi amapitiriza ngakhale maso akuchita mdima, ndipo ngozi zambiri za kutentha zimachitika pamene munthu wamkulu wakakamiza. Komanso mwana amene waphunzira kuti kuthamanga ndi chilango adzadana nako moyo wake wonse.

Nthawi imene mumayambayo ndi imene ikundidetsa nkhawa kwambiri. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, choncho m'mawa ndi madzulo kumazizira bwino, koma dzuwa la 2 koloko limaotcha kwambiri, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, komanso m'masiku a mvula a Januwale ndi Febuluwale pamene thukuta siliuma msanga. Kukatentha, magazi ambiri amapita kukhungu kukaziziritsa thupi, ndipo mtima umagunda mofulumira kuposa mmene ukanachitira pa liwiro lomwelo kukanakhala kozizira. Mwana akakhala ndi ludzu zimaonjezekeranso. Bungwe la madokotala a ana la ku America, m'malangizo ake a 2011, linati mwana wa zaka 9 mpaka 12 azimwa madzi okwana mamililita 100 mpaka 250 pamphindi 20 zilizonse akamasewera kotentha, ndiponso kuti ana apatsidwe masiku 10 mpaka 14 ozolowera pang'onopang'ono. Ichi n'chofunika kwa inu, chifukwa teremu yoyamba ana amabwera kuchokera kutchuti atakhala milungu ingapo osathamanga mwadongosolo. Ngati n'kotheka sunthani nthawi kuti muziyamba dzuwa litapendeka, ndipo ngati sizingatheke, fupikitsani masewerawo ndipo muzipumitsa ana pamthunzi. Madziwo akhale otetezedwa, owiritsa kapena othira mankhwala, pakuti tonse tikukumbukira kolera wa 2008 ndi wa 2018 amene anavuta kwambiri ku Glen View ndi ku Budiriro mu Harare muno.

Mwana amene wayamba kudzandira, kulankhula zosamveka, kusokonezeka mutu kapena kukwiya kosadziwika bwino dzuwa likuswa mtengo, muikeni pamthunzi nthawi yomweyo, mum'vule zovala zokhuthala, mum'thire madzi ozizira thupi lonse ndi kum'kupiza, ndipo wina athamangire kukafuna galimoto yopita kuchipatala. Kuziziritsa kuyambe pomwepo, kusadikire galimoto.

Mufunsenso makolo kuti ndi ana ati amene ali ndi mphumu kapena matenda a magazi otchedwa sikoselo. Wa mphumu amathamanga bwinobwino akayamba pang'onopang'ono ndipo mankhwala ake opopera akakhala pafupi, koma mudziwe kuti mankhwala opopera otchedwa salbutamol amafulumizitsa mtima kwa kanthawi, komanso kuti mpweya wozizira ndi wouma wa mu Juni ndi Julayi ndi umene umadzutsa chifuwacho kawirikawiri. Wa sikoselo asachite ludzu ndipo asakakamizidwe kufika pamapeto a mphamvu zake. Mwana amene wangobwera kumene kuchokera kumalo otsika monga Nsanje kapena Chikwawa akhoza kuchita wefuwefu kuposa anzake masiku oyambirira chifukwa cha kukwera kwa malo kuno, ndipo zimenezi zimatha zokha akazolowera.

Funso: Mdzukulu wanga wamkazi wa zaka 13 anagwa n'kukomoka ali mkati mothamanga pa mpira wa ntchemberembaye. Anatsitsimuka patapita kanthawi ndipo tsopano ali bwino. Anthu akuti inali njala chabe chifukwa sanadye m'mawa. Chaka chatha anadwala zilonda zapakhosi, ndipo pambuyo pake mawondo ndi akakolo anatupa, koma zinatha zokha. Kodi ndimulole kubwerera kubwalo? *Agogo a ku Mabvuku*

Yankho: Agogo, mwa makalata onse a mwezi uno, yanuyi ndi imene ikufunika kuchitapo kanthu mwamsanga. Mdzukulu wanu asabwerere kubwalo mpaka atapimidwa mtima.

Pali kusiyana kwakukulu pakati pa mwana amene wakomoka ataima nthawi yaitali padzuwa pamzere wa kusukulu, kapena atangomaliza kumene mpikisano n'kuima mwadzidzidzi, ndi mwana amene wagwa ali mkati mothamanga. Kukomoka kwa mtundu woyamba kumachitika kawirikawiri chifukwa magazi atsikira kumiyendo, ndipo nthawi zambiri si koopsa. Kugwa mkati mwa liwiro madokotala amakuona ngati vuto la mtima kufikira atatsimikiza kuti si choncho. Mwina n'zoona kuti inali njala, koma amene anganene zimenezi ndi amene wamvetsera mtima wa mwanayo ndi kuupima, osati ife oonerera.

Mbiri ya zilonda zapakhosi ndi kutupa kwa mfundo ikuonjezera chifukwa chofulumirira. Pali tizilombo totchedwa streptococcus timene timayambitsa zilonda zapakhosi, ndipo tikapanda kuthetsedwa ndi mankhwala monga penisilini, mwa ana ena chitetezo cha thupi chimasokonezeka patapita milungu iwiri kapena itatu n'kuyamba kulimbana ndi mfundo za mafupa pamodzi ndi mavavu a mtima, amene amatsegula ndi kutseka njira ya magazi. Mfundo zimachira zokha monga munaonera, koma mavavu akhoza kutsala ndi zipsera zimene zimakula mwakachetechete kwa zaka zambiri. Matendawa amagwira kwambiri ana a zaka 5 mpaka 15, ndipo ndi ofala m'maiko a kuno kwathu, makamaka kumene anthu ambiri amagona m'chipinda chimodzi. Sindikunena kuti mdzukulu wanu ali nawo, koma zimene mwafotokozazi dokotala ayenera kuzimva zonse monga mwandilembera ine.

Yambirani kukiliniki ya khonsolo ya kufupi ndi kwanu, ndipo munene momveka kuti mwana anakomoka akuthamanga, osati kungoti anagwa. Pemphani kalata yokutumizani kuchipatala chachikulu, ku Parirenyatwa kapena ku Sally Mugabe kumene kale kunkatchedwa Harare Central, kuti akamupime ndi makina a ECG ojambula kayendedwe ka mphamvu yogunditsa mtima, komanso ndi makina ounikira mtima kuti aone mavavu ndi makulidwe a minofu yake. Akapezeka ndi vuto la mavavu, chithandizo chodziwika ndi jakisoni wa penisilini wa milungu itatu kapena inayi iliyonse kwa zaka zingapo, woteteza kuti matendawo asabwererenso, ndipo ana ambiri otere amaloledwa kusewera pamlingo umene dokotala wanena.

Palinso matenda ena a mtima obadwa nawo amene saoneka kunja. Okonda mpira akukumbukira Marc-Vivien Foé wa ku Cameroon, amene anagwa pabwalo ku Lyon mu 2003 n'kumwalira, ndipo zinapezeka kuti minofu ya mtima wake inali yokhuthala mopitirira. Akukumbukiranso Christian Eriksen wa ku Denmark, amene mtima wake unaima pabwalo ku Copenhagen mu Juni 2021 koma anapulumuka chifukwa anthu anayamba kum'thandiza nthawi yomweyo. Zoterezi n'zosowa kwambiri mwa ana, komabe aliyense woyang'anira masewera ayenera kudziwa kuti mwana akagwa, osayankha ndiponso osapuma bwino, sathiridwa madzi kumaso n'kudikira. Amagonekedwa chagada pamalo olimba, ndipo munthu amakanikiza pakati pa chifuwa mwamphamvu, ka 100 mpaka 120 pamphindi, osalekeza kufikira thandizo litafika.

Funso: Mwana wanga wa zaka 9 anadwala malungo titabwerako kumudzi ku Malawi patchuti. Wamaliza mankhwala ndipo akufuna kuyambiranso mpira. Mkulu wake amamugulira zakumwa za m'zitini zopatsa mphamvu kuti achire msanga. Ndidikire masiku angati? *Bambo wa ku Epworth*

Yankho: Bambo, mwana amene thupi likutentha sayenera kuthamanga. Kutentha kukakwera ndi digiri imodzi, mtima umaonjezera kugunda pafupifupi ka 10 pamphindi ngakhale mwana ali gone, ndipo matenda ena oyambitsidwa ndi mavairasi amatupitsa minofu ya mtima, vuto limene limakula munthu akachita masewera amphamvu. Lamulo losavuta n'lakuti papite tsiku lathunthu thupi osatentha ngakhale sakumwa panado, mwana akhale akudya ndi kumwa monga mwa nthawi zonse, kenako ayambe ndi kuyenda ndi kusewera mopepuka, n'kumaonjezera pang'onopang'ono kwa mlungu umodzi.

Malungo ali ndi vuto lina lapadera, chifukwa amaononga maselo ofiira a magazi, ndipo ana okulira mu Harare, kumene malungo safala, amadwala kwambiri akawatenga paulendo popeza thupi lawo silinawazolowere. Magazi akachepa, mtima umathamanga kuti ulipirire, ndipo mwana amatopa ngakhale pokwera kachitunda kakang'ono. Yang'anani zikhatho zake ndi mkati mwa zikope za m'munsi. Ngati zayera, kapena ngati mtima wake ukugunda kupitirira 120 pamphindi atakhala phee ndipo thupi silikutentha, mubwerere naye kukiliniki akamuyeze magazi asanayambe mpira.

Zakumwa zopatsa mphamvuzo zilekeke. Zili ndi kafeini wambiri amene amafulumizitsa mtima ndi kusokoneza tulo, ndipo madokotala a ana amalangiza kuti ana asamamwe konse. Ndalama imene mkulu wakeyo akuwonongera zitini agulire mazira, nyemba, matemba kapena chiwindi, adye pamodzi ndi masamba obiriwira monga bonongwe ndi chipatso monga lalanje kapena gwafa, chimene chimathandiza thupi kuyamwa ayironi wofunika popanga magazi atsopano.